Funsani Amalume: Galimoto Yamagetsi ya Mpikisano, Ndiyambire Pati?

Amalume,

Ndine mtsikana wa zaka 21. Ndimakhala ku Mufakose ndi amayi komanso agogo anga aakazi, amene kwawo kwenikweni ndi ku Dedza. Ndili chaka chachiwiri pa sukulu ina ya zaumisiri muno mu Harare. Aphunzitsi atiuza za mpikisano wojambula galimoto yoyendera magetsi ya m'tauni. Sakufuna galimoto yeniyeni. Akufuna zojambula pa mapepala aakulu atatu, mawu ofotokoza tsamba limodzi, ndi kachifanizo kakang'ono kwa amene angathe. Kwatsala masabata 7. Ndajambula zithunzi zoposa 30, koma zonse zikungofanana ndi magalimoto a pa intaneti: zogona pansi, zosongoka kutsogolo, matayala aakulu. Anzanga ali ndi malaputopu amphamvu, ine ndili ndi foni ndi maola awiri pa sabata mu labu ya makompyuta. Amayi amagulitsa tomato ndi masamba, ndiye ndalama ya zipangizo palibe. Ndiyambire pati? Kodi ndiike mapanelo a sola padenga? Nanga ndikaipatsa dzina la Chichewa sadzandiseka?

Wothedwa nzeru, Mufakose

Mwanangu,

Zithunzi 30 zija uziike mu envulopu, umate, uwapatse agogo akusungire mpaka mpikisano udzathe. Usazitaye, chifukwa zaphunzitsa dzanja lako kujambula. Koma ukamaziyang'ana tsiku ndi tsiku, cha 31 chidzafanana nazo.

Ndidziulule kaye. Ine sindine wojambula magalimoto. Ndagwira ntchito ya mawaya a galimoto zaka zoposa 30, zambiri mwa izo ku Gazaland ku Highfield, pansi pa shedi ya malata. Koma ndinayesapo kamodzi kupanga galimoto yamagetsi, ndipo inandiyalutsa masana anthu akuona. Inali Mazda 323 yakale, ya zija ankazilumikiza ku Willowvale, injini yake itafa. Ndinatsitsa injiniyo, n'kumangirira mota ya forklift, kenako mabatire 12 a asidi aja. Mabatire okhawo ankalemera ngati akuluakulu asanu. Ndinawalonga m'buti ndi pa mpando wakumbuyo, poti ndi kumene kunali malo. Galimoto inakhala pansi kumbuyo ngati galu wodikira mkute, kutsogolo kunapepuka, chiwongolero chinkangoyandama m'manja. Kuyenda inayenda ndithu, ana akuithamangira n'kumakuwa. Pa hampu yoyamba pansi panakhula, chingwe chachikulu chinaduka, ndipo ana omwe aja ndi amene anandithandiza kuikankha kubwerera ku shedi. Ndinayamba ndi bodi, n'kumafunira mabatire malo pambuyo pake. Iwe ukuchita zomwezo, kungoti papepala sipaduka chingwe.

Ndiye uyambire kwa amayi ako. Wawatchula ngati chifukwa chosowera ndalama, koma ine ndikuona kuti mnzako aliyense wa laputopu akanakusirira akanadziwa. Oweruza a mipikisano yotere amaona zithunzi zonyezimira zambirimbiri, zonse za munthu wosadziwika woyenda mumsewu wosalala wa mzinda wosadziwika. Iwe uli ndi munthu weniweni, wodzuka mdima ulipo, wokhala ndi ulendo womwewo tsiku lililonse. Loweruka likubwerali udzuke nawo, upite nawo ku Mbare Musika kukaoda. Utenge tepi yoyezera ndi kope. Uyeze bokosi la tomato, mulitali, mulifupi ndi msinkhu, ndipo ulinyamule wekha kuti msana wako udziwe kulemera kwake. Uwerenge kuti amayi ndi anzawo amatenga mabokosi angati, mitolo ingati ya repu ndi kovo, matumba angati a mbatata. Uone mmene katunduyo amakwerera kombi kapena ka Honda Fit ka mushikashika (timatekisi topanda chilolezo tija), amene amamukweza, ndalama imene amalipira katundu payekha, ndi tomato angati amafika ku Mufakose ataphwanyika. Uwafunse amayiwo chimene chimawapweteka kwambiri pa ulendowo. Usawafunse kuti akufuna galimoto yotani, adzakuuza kuti Hilux. Ujambule zithunzi pa foni, utapempha kaye.

Ukabwerako, masamu ndiye ayambe. Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ophunzira ambiri amathawa.

Batire la galimoto amaliyeza mu kWh, ndipo kWh imodzi ndi yuniti imodzi yomweyo imene mumagula pa tokeni ya ZESA, kampani yathu ya magetsi. Kagalimoto kakang'ono ka m'tauni, katanyamula katundu, tingakawerengere mayuniti pafupifupi 15 pa makilomita 100. Tinene kuti galimoto yako ikuchita maulendo angapo pakati pa Mbare ndi misika ya Mufakose, Kambuzuma ndi Glen View, n'kukwana makilomita 80 pa tsiku. Amenewo ndi mayuniti 12. Batire salikama mpaka kuuma, ndiponso limafooka zaka zikamapita, choncho uikepo batire la 16 mpaka 18 kWh. Nambala zimenezi uzisinthe ndi zimene upeze ukayeza ulendo weniweni, koma njira yake ndi imeneyi.

Tsopano funso limene wojambula wa ku Ulaya sadzifunsa: magetsi otchajira abwera liti? Soketi ya pakhoma m'nyumba zathu ndi ya mavoti pafupifupi 230, pulagi yake ya ma amp 13. Kuikoka usiku wonse pa 13 n'kufuna kusungunula pulagi, makamaka ndi mawaya a nyumba zakale za ku Mufakose amene ndikuwadziwa bwino. Tinene ma amp 10, amene akupereka 2.3 kW, kutanthauza mayuniti 2.3 pa ola. Iwe unali kale wamkulu mu 2019, ndiponso kumapeto kwa 2022 pamene madzi anachepa ku damu la magetsi la Kariba. Ukukumbuka magetsi akubwera cha m'ma 10 koloko usiku n'kuchoka cha m'ma 5 m'mawa, amayi akusita ndi kuphika nyemba pakati pa usiku. Amenewo ndi maola 7. Uchulukitse 7 ndi 2.3, upeza mayuniti 16. Waona? Batire lako likukwana m'mpata umene magetsi amapezeka ngakhale zinthu zitavuta. Batire la 100 kWh, la magalimoto aakulu aja ukuwasirira, pa soketi yomweyo lingafune maola oposa 40, kutanthauza pafupifupi sabata yathunthu ya usiku wotere. Masamu awiriwa uwalembe pa pepala lako loyamba ndi zilembo zazikulu. Woweruza amene ndi injiniya akangowaona adziwa kuti wojambulayu anaganiza.

Mtundu wa batire usankhe LFP, batire la lithium lokhala ndi chitsulo ndi fosifeti. Ndi lolemerapo poyerekeza ndi ena a lithium, koma silipsa msanga, limapirira kutchajidwa kambirimbiri, ndipo mulibe cobalt. La 18 kWh uliwerengere makilogalamu pafupifupi 140. Uganizirenso za kutentha kwa mwezi wa October. Nissan Leaf yoyamba, ya 2010, inali ndi batire la 24 kWh lopanda madzi oliziziritsa, ndipo eni ake m'madera otentha ngati Arizona ankadandaula kuti likufooka msanga. Sonyeza pamene mpweya ulowere ndi pamene utulukire, ndiponso mmene fumbi lisalowere nawo.

Chenjezo limodzi. Udzakopeka kulemba kuti batire ndi la kuno chifukwa lithium tili naye ku Bikita ndi ku Arcadia, ku Goromonzi uko. Miyala ilipodi, ndipo boma linaletsa kuitumiza kunja yosakonza mu December 2022. Koma kuchoka pa mwala kufika pa selo, kachigawo kosunga magetsi m'kati mwa batire, ndi ulendo wautali, ndipo maselo ambiri padziko amapangidwa ku China. Ulembe zoona: maselo ochokera kunja, bokosi lake, mawaya ndi felemu zopangidwa muno. Zimenezo anyamata owotcherera zitsulo a ku Siyaso ku Mbare angazikwanitse.

Masamu akatha, usathamangire pensulo. Pempha choko, usese pabwalo. Ujambule pansi kukula kwenikweni kwa galimotoyo, mwina mamita 3.5 mulitali ndi 1.5 mulifupi. Uikemo mipando ya m'nyumba, mabokosi a tomato obwereka, ndi makatoni oimira batire pansi pakati pa matayala, osati m'buti monga ndinachitira ine. Batire likagona pansi pakatikati, galimoto sipendama pokhota, ndipo pamwamba ponse pamatsala pa anthu ndi katundu. Akatswiri amati skateboard, ndipo General Motors anaonetsa maganizo amenewa pa galimoto yachionetsero ya Autonomy mu 2002. Kenako uwaitane agogo alowe atavala chitenje chawo. Ngati akufunika kukweza mwendo kwambiri kapena kuwerama mpaka duku kugwa, khomo lako lalakwika. Amayi atsitse bokosi: ngati akulinyamula kudutsa m'chiuno, pansi pa katundu pakwera kwambiri. Chiwongolero kumanja, usaiwale. Ndaonapo chojambula cha mwana wina wa muno chili ndi chiwongolero kumanzere chifukwa chithunzi chimene ankaonera chinali cha ku America.

Apa pali mkangano umene uyenera kuuthetsa wekha, ndipo oweruza amakonda kuona munthu akulimbana nawo. Amayi akufuna pansi pafupi kuti asathyoke msana. Msewu ukufuna pansi patali. Maenje a mumsewu wathu nthawi ya mvula amabisala m'madzi, ndipo batire lili pamimba pa galimoto. Ine ndingasiye mpata wa masentimita 20 kuchokera pansi, ndi chitsulo chotchinga kunsi kwa batire, kenako n'kutsitsa malo a katundu kumbuyo kwa batire kapena kuika chitseko chimene chikatseguka chimasanduka potsetserekera bokosi. Mwina iwe upeza njira yabwino kuposa imeneyi. Matayala akhale a mainchesi 14, okhala ndi mnofu, a saizi ngati 175/65 R14 imene wogulitsa aliyense mu Kaguvi Street ali nayo. Matayala aakulu opyapyala aja ndi chikomekome cha mkuyu. Pa dzenje loyamba rimu yapindika.

Za mphuno yosongoka usavutike nazo. Mphepo imalimbana ndi galimoto kwambiri ikathamanga: liwiro likawirikiza kawiri, kukankha kwa mphepo kumawirikiza kanayi. M'tauni malire ndi makilomita 60 pa ola, ndipo pa Mbare m'mawa ngakhale 20 sufika. Mdani wako ndi kulemera, ndi kuima n'kunyamuka kosatha. Ubwino wake, mota yamagetsi imabweza mphamvu ina m'batire pamene ukuchepetsa liwiro, ndiye ulendo woimaima umaikomera kuposa injini ya petulo. Galimoto yako ikhoza kukhala yamakona, yaitali msinkhu, ndipo palibe cholakwa.

Chinthu china chimene udzachiona wekha pa msika: anthu, mangolo okankha, ana, onse amayenda ndi makutu. Galimoto yamagetsi ikamayenda pang'onopang'ono siimveka. Ku European Union, kuyambira July 2019, mitundu yatsopano ya magalimoto amagetsi imayenera kukhala ndi kachipangizo kotulutsa phokoso ikamayenda mochepera makilomita 20 pa ola. Yako idzalira bwanji? Uliganizire funso limeneli, anzako ambiri sadzalikumbuka.

Za sola padenga, yankho langa ndi lakuti ika ngati ukufuna, koma usaname. Denga la kagalimoto kotere lili ndi malo okwana masikweya mita awiri, mwina atatu. Sikweya mita imodzi ya panelo yabwino imapereka mawati pafupifupi 200 dzuwa likawala bwino. Pa masikweya mita awiri, maola asanu a dzuwa lamphamvu, upeza mayuniti awiri, ndiye kuti makilomita 13 kapena kucheperapo, galimotoyo itakhala padzuwa tsiku lonse ndi tomato wa amayi akupsa m'kati. Ine mapanelowo ndingawaike pa denga la shedi ya msika, ochuluka, kuti galimoto izimwa magetsi masana amayi akugulitsa. Kapanelo ka padenga kangoyendetsa fani yokupizira ndiwo zamasamba kuti zisafote. Ujambule shediyo pa pepala lako lachitatu. Galimoto yamagetsi yopanda potchajira ndi khola la nkhuku lokwera mtengo.

Uwerengeko za ena amene anayesapo. Ophunzira ndi aphunzitsi a pa Makerere University ku Uganda anapanga Kiira EV mu 2011, kagalimoto ka anthu awiri, ndipo ntchito imeneyo inakula n'kukhala kampani ya Kiira Motors yopanga mabasi a Kayoola. Konkuno, a Mobility for Africa anapereka kwa amayi a ku Wedza njinga zamagetsi za matayala atatu zotchedwa Hamba, za mabatire osinthanitsa otchajidwa ndi sola. Kusinthanitsa kumayenda bwino pa njinga chifukwa batire lake munthu amalinyamula. Pa makilogalamu 140 ako sizophweka, ndiye usangolemba kuti batire lizisinthidwa osasonyeza amene alinyamule. Uyang'anenso Citroën Ami, imene inatuluka mu 2020 ndipo amaipanga ku Kenitra ku Morocco: batire la 5.5 kWh, liwiro losapitirira makilomita 45 pa ola. Chimene ndimaikondera ndi nzeru ya umphawi. Zitseko zake ziwiri ndi chitseko chimodzi chomwecho, n'chifukwa chake china chimatsegukira kutsogolo, china kumbuyo, ndipo kumaso ndi kumbuyo kwake n'kofanana. Chikombole chimodzi, ntchito ziwiri. Kukongola kokha sikokwanira: galimoto ya ku South Africa yotchedwa Joule inali yokongola, inaonetsedwa ku Paris mu 2008, koma kampani yake inatsekedwa mu 2012 isanayambe kuigulitsa.

Laputopu isakudetse nkhawa. Makampani aakulu mpaka lero amaumba magalimoto awo ndi dongo lapadera asanawapange, mwambo umene Harley Earl anaukhazikitsa ku General Motors kalekale. Iwe ndiwe mdzukulu wa mayi wa ku Dedza, dongo lisakuopse. Panga mafupa a waya, monga ana amapangira magalimoto awo, pa sikelo ya 1:10, kuti galimoto ya mamita 3.5 ikhale masentimita 35. Umatepo dongo kapena mapepala onyikidwa mu phala la ufa, upange timabokosi ta tomato pa sikelo yomweyo ndi kamunthu koima pambali. Ukajambule pa foni m'mawa kwambiri, dzuwa lisanakwere, foni itagona pansi kuti kaoneke ngati galimoto yeniyeni. Maola ako awiri a mu labu uwagwiritse ntchito poyeretsa zithunzi ndi kusanja mapepala. Pulogalamu ya Blender, youmbira zithunzi za 3D pa kompyuta, ndi yaulere, koma kuiphunzira m'masabata 7 pa maola awiri pa sabata n'kudzipha. Uiyambe mpikisano ukatha.

Malamulo a mpikisano uwawerenge mpaka timalemba tating'ono ta kumapeto. Uone ngati amalola zithunzi zopangidwa ndi AI, mapulogalamu a kompyuta ojambula okha aja, ndipo makamaka uone kuti chojambulacho chikhala cha yani ukachipereka. Mipikisano ina imatenga umwini wonse. Ofesi yaikulu ya ARIPO, bungwe lolembetsa umwini wa zinthu zotere m'maiko ambiri a mu Africa kuphatikizapo Zimbabwe ndi Malawi, ili muno mu Harare ku Belgravia, ndipo pangano lake la 1982 limatchedwa Harare Protocol. Sindikunena kuti uthamangireko mawa, kumafuna ndalama. Ndikungoti usaike zonse pa Facebook usanafunse aphunzitsi ako, chifukwa chinthu chikaonekera poyera chimavuta kuchilembetsa ngati chatsopano.

Dzina tsopano. Ndinayamba ndaganiza Nyerere, poti kachilomboka kamanyamula katundu woposa msinkhu wake, koma muno mu Harare aliyense adzaganiza za msewu wa Julius Nyerere. Bwanji Dengu? Liwuli Achewa tili nalo, Ashona ali nalo, ndipo tonse tikutanthauza chinthu chimodzi chonyamulira zokolola. Mzungu angalitchule osaluma lilime. Kuseka angaseke anzako a m'kalasi, omwe aja amatitcha mayina chifukwa cha kumene agogo athu anachokera, koma oweruza dzina lokhala ndi tanthauzo amalilemba m'kope. Chimene ndikukuletsa ndi kumata nkhope ya gule kumaso kwa galimoto kuti ioneke yachikhalidwe. Zimenezo zili ndi eni ake, ndipo agogo ako sadzakulankhula mwezi wathunthu. Ngati ukufuna chakwathu, yang'ana mmene dengu limalukidwira: lopepuka, lolimba m'milomo, lolowa mphepo. M'mbali mwa malo a katundu mungakhale motero.

Masabata 7 uwagawe chonchi: awiri a msika, masamu ndi choko, atatu a kujambula ndi kuumba, limodzi la mapepala. Lomaliza usaliwerengere ntchito, ndi la magetsi ozima ndi printa yokana. Ukatha unditumizire chithunzi cha agogo atakhala m'galimoto ya choko ija.

*

Amalume,

Mwana wanga wa Fomu 2 amapanga timagalimoto ta waya n'kuikamo timota ta zidole. Tsopano akufuna kukaonetsa kusukulu pa tsiku la sayansi, ndipo wayamba kuphwanya mabatire a malaputopu akutha kuti atengemo timaselo tozungulira tija. Amatitchaja ndi tchaja ya foni imene anaidula mutu. Ndimuletse kapena ndimusiye?

Bambo wa ku Dzivarasekwa

Achimwene,

Kupangako musamuletse, koma tchaja yodulidwa mutuyo muilande lero, musanawerenge n'komwe mzere wotsatira. Timaselo timeneto amati 18650. Kalikonse kamadzadza pa mavoti 4.2, pamene tchaja ya foni imatulutsa 5, ndipo palibe chouza tchajayo kuti basi kakwana. Selo likapitirira muyeso limatentha, limatha kuphulika, ndipo moto wake suzima msanga. Mumugulire kabodi kakang'ono kotchajira kotchedwa TP4056, kamene kali ndi chitetezo, m'masitolo a zamagetsi m'tauni n'kotsika mtengo, pamodzi ndi kachikwama kolowetsamo selo kuti asamawotcherere waya pa selo penipeni. Selo lililonse lotupa, lachita dzimbiri, lobooka kapena long'ambika chikopa lisalowe m'nyumba. Azitchajira pa simenti, kutali ndi matiresi ndi makatani, inu muli maso, osati usiku magetsi akabwera nonse mutagona.

Tsiku lina mubwere naye ku Highfield. Ndili ndi timota tiwiri ta mawaipa tangokhala m'bokosi, ndi mita yoyezera mavoti imene galasi lake linasweka koma imawerengabe bwino.